Pa Msewu wa Tsangano, Msana wa Munthu Umadalira Sipuling'i

Mvula ikagwa pamwamba pa mapiri a Kirk Range, madzi ake amagawikana pawiri. Otsikira kum'mawa amalowa m'mitsinje monga Lisungwi ndi Wamkulumadzi n'kukathira mu Shire. Otsikira kumadzulo amalowa m'dziko la Mozambique, m'timitsinje tothira mu Revubue, mtsinje umene umakumana ndi Zambezi ku Tete. Madzi onsewa amakapezananso mu Zambezi, koma pamene amasiyanirana m'pamene Angerezi ndi Apwitikizi anadutsitsa malire m'pangano lawo la mu 1891. Mapiriwa anapatsidwa dzina la John Kirk, dokotala amene anatsagana ndi David Livingstone pa ulendo wa mu Zambezi umene unayamba mu 1858. Eni dera salitchula kawirikawiri dzinali. Iwo amati kwa Mpando, ku Katsekera, ku Doviko, ku Tsangano, kwa Dambe.

Pamsana pa mapiriwa pamadutsa msewu wochoka pa M1, pakati pa Lizulu ndi boma la Ntcheu, n'kulowera kumwera mpaka ku Neno ndi ku Mwanza. Mbali yaikulu ya msewuwu ndi yafumbi. M'dzinja umaterera ngati therere, ndipo m'chilimwe umakhala ndi miyala, zigwembe ndi timizere topingasa timene timagwedeza munthu mpaka mano kugundana. Malole amabwera kudzatenga mbatatesi ndi kabichi, koma zina zonse za tsiku ndi tsiku zimayenda pa njinga yamoto. Feteleza, malata, mbuzi, mphunzitsi wopita kukalandira malipiro, wodwala wopita kuchipatala, onsewa amakhala pamwamba pa zitsulo ziwiri zopotana zimene zili mbali ndi mbali ya tayala lakumbuyo. Tinayenda msewu umenewu mwezi wa Julayi, ndipo zitsulo zimenezi n'zimene zinatichedwetsa theka la tsiku.

Pa Tsangano Turn-off

Aliyense amene anayendapo pakati pa Lilongwe ndi Blantyre amawadziwa malowa. Basi isanaime n'komwe, mabeseni a tomato, anyezi, karoti ndi nsawawa amakhala atafika kale pazenera. Kuseri kwa amalondawo kuli mzera wa njinga zamoto za kabaza, eni ake atavala majekete awiriawiri chifukwa cha mphepo. Njinga zambiri ndi zazing'ono, za 125 kapena 150 cc, ndipo zochuluka zinagulidwa tsidya lina la malire. Petulo ali m'mabotolo pa thandala. Ndalama zimayenda za mitundu iwiri, kwacha ndi metikali, ndipo mwana wa zaka khumi amakuuzani kusintha kwake osawerenga ndi zala.

Tinagwirizana mtengo ndi anyamata awiri. Mmodzi anali wamkulupo, wolankhula pang'ono. Winayo anali wa zaka za m'ma 20, wansangala, ndipo njinga yake inali yotsukidwa bwino koma yotsamira kumbuyo ngati nkhuku yoti ikhale pa mazira. Tinafunsa za zipewa zoteteza mutu. Wamkuluyo anali nacho chapadera, wamng'onoyo anakabwereka kwa mnzake. Kenaka anamanga zikwama zathu pa kaliyala ndi malamba a chubu, pamwamba pa thumba la mchere limene anatumidwa ndi wagolosale wina wa kumtunda.

"Muzigwira bwino, akuluakulu," anatero. "Phula likatha, msewu umalankhula."

Kumtunda kozizira

Msewu umakwera pang'onopang'ono mpaka dziko limatseguka mbali zonse. Malo ena kuno ndi okwera kuposa mamita 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo m'mawa wa Julayi nkhungu imagona m'zigwa mpaka dzuwa litakwera. Mitengo yachilengedwe ndi yochepa. M'malo mwake muli mizere ya mbatatesi yotsetsereka mpaka kudambo, minda ya kabichi, nyemba, ndi tirigu, mbewu imene Amalawi ambiri amangoidziwa ngati ufa wa m'sitolo. Dera la Tsangano ndi kumtunda kwa Neno ndi ena mwa malo ochepa m'dziko muno kumene alimi ang'onoang'ono amalima tirigu. Mitengo ya mapichesi inali itayoyola masamba, ikudikira kutentha.

Kwa mtunda wautali, msewu womwewo ndiwo malire. Kumanzere kuli Malawi, kumanja kuli Mozambique, kumenenso kuli boma lotchedwa Tsangano m'chigawo cha Tete. Mbali zonse ziwiri anthu ndi amodzi, Angoni ndi Achewa olankhula chinenero chimodzi, okwatirana, oikana maliro. Mayi amatha kuphika nsima ku Malawi n'kukapempha mchere ku Mozambique ndiwo zisanapse.

Njinga zimene tinkakumana nazo zinali zolemedwa kwambiri. Ina inanyamula matumba atatu a mbatatesi osokedwa ndi chisoti pamwamba, woyendetsa atakhala pa thanki. Ina inanyamula bambo, mayi, mwana pakati, khasu ndi nkhuku. Buku la njinga zamtunduwu nthawi zambiri limalola katundu wa makilogalamu pafupifupi 150, kuwerengera ndi woyendetsa yemwe. Mnyamata wolemera makilogalamu 65 akangokweza matumba awiri a feteleza, a makilogalamu 50 lililonse, wadutsa kale malire. Kuno matumba awiri amawayesa katundu wopepuka.

Titadutsa Katsekera, njinga ya mnyamata wamng'ono uja inayamba kumveka "gu! gu!" pa chigwembe chilichonse. Amene anakhala kumbuyo kwake ankamva kugundako kukukwera kuchokera m'chiuno mpaka m'khosi. Pa chitunda china chamiyala panamveka "thwa!" ndipo njinga inapendekera kumanzere. Tayala linayamba kukhula madigadi. Titatsika tinaona kuti sipuling'i ya shoko yakumanzere yathyoka chakumunsi, ndipo mbali yothyokayo yalowerera mu inzake.

Pa shedi ya amakaniko

Tinakankha njingayo mtunda wosakwana kilomita imodzi mpaka pa kamsika kena. Kumeneko, pakati pa chigayo ndi okala ya salu, panali shedi ya malata anayi. Pansi panali dothi lakuda ndi oyilo, pa mtengo panapachikidwa matayala akale, ndipo pa chitsa chachikulu cha bulugama panamangidwa vayisi. Mwini malo anali bambo wa imvi zapatalipatali, wovala ovolosi yodula manja. Anatipatsa benchi, natifunsa kumene tachokera ndi mmene tawasiyira kunyumba, kenaka anagwada pambali pa njinga.

Sanayambe ndi sipanala. Anayamba wapukuta matope ndi kansanza, n'kuyendetsa chala pa kachitsulo konyezimira kamene kali m'kati mwa sipuling'i. Ananunkhiza chalacho n'kuchiyang'ana padzuwa. Anachitanso chimodzimodzi mbali inayo.

"Aphwanga, mwayi ulipo," anauza mnyamatayo. "Oyilo sanatuluke. Chafa ndi sipuling'i yokha."

Titafunsa kusiyana kwake, anatifotokozera akugwira ntchito. Chimene anthu amangochitcha shoko ndi zinthu ziwiri zogwira ntchito zosiyana. Sipuling'i ndiyo imasenza kulemera. Tayala likagunda mwala, iyo imafinyika n'kulandira mphamvu ya kugundako kuti isafike yonse pa mpando. Koma sipuling'i payokha sidziwa kuleka. Ikafinyika imabwerera mwamphamvu, n'kufinyikanso, ndipo njinga imadumphadumpha ngati mwana wa mbuzi. N'chifukwa chake pakati pake pali chibotolo chachitsulo chodzaza oyilo. M'chibotolomo muli pisitoni yokhala ndi timabowo ting'onoting'ono, ndipo kuti pisitoniyo iyende, oyilo ayenera kudzipanikiza kudutsa m'timabowoto. Kuchedwa kwa oyiloyo n'kumene kumaletsa kudumpha. Mphamvu ya msewu imasanduka kutentha, n'chifukwa chake shoko imafunda mukayenda ulendo wautali.

Sipuling'i imatsata lamulo limene Robert Hooke wa ku England analongosola mu 1678: mukawirikiza kulemera, kufinyika nakonso kumawirikiza. Mwachitsanzo, sipuling'i imene imafuna makilogalamu 2 kuti ifinyike milimita imodzi, imakhala itasunga mphamvu yokankha makilogalamu 60 ikafinyika masentimita atatu. Mphamvu imeneyo sioneka ndi maso. Imangodikira pothawira.

Nanga chitsulo cholimba chotere chimathyoka bwanji? Amakanikowo anatola waya n'kuyamba kumupinda uku ndi uku mpaka anaduka. Sipuling'i nayonso imatopa. Mwala ukakanda utoto wake, matope amakhala pamenepo, dzimbiri limalowa, ndipo pa kachilonda kameneko pamayamba mng'alu wosaoneka. Katundu wopyola muyeso amaifinya mpaka mapeto kambirimbiri pa tsiku, mng'alu n'kumakula. Anatisonyeza pothyokapo: theka linali lakuda ndi dzimbiri, theka linali loyera. Lakudalo linang'aluka kalekale, loyeralo n'limene linathyoka tsikulo.

Imodzi kapena ziwiri?

Apa m'pamene panali nkhani. Njingayo sinali ya mnyamatayo. Mwini wake ali ku Ntcheu, ndipo madzulo aliwonse amayembekezera ndalama yake, kaya kwayenda anthu kaya ayi. Zowonongeka zing'onozing'ono amalipira woyendetsa.

"Madala, tangowotchererani pothyokapo," anapempha. "Ndingofika ku Neno, mawa ndidzaona chochita."

Bambowo anapukusa mutu. Chitsulo cha sipuling'i chimaumitsidwa ndi moto wa muyeso wake ku fakitale. Moto wowotcherera umachotsa kuuma kumeneko, ndipo pambali pa chowotchereracho chitsulo chimasanduka chofewa kapena chophweka kuthyoka ngati galasi. Chikhoza kupirira pabwalo, koma chidzathyokanso pa chitsikira, njinga ili pa liwiro.

"Nanga tisinthe imodzi yokhayo?"

"Ng'ombe yaikulu ndi kamwana simuzimanga goli limodzi," anayankha. Masipuling'i awiriwo anagwira ntchito limodzi zaka zonsezi, ndipo yotsalayo nayonso yafupika. Mukaika yamphamvu mbali imodzi, njinga imayenda mopendekeka, mabushi amadyeka mbali imodzi, ndipo pokhota imakoka. Kuti atsimikize, anati tidikire aichotse tidzaone tokha.

Anatchulanso njira zina zachidule zimene amaziona pa msewuwu. Ena amalowetsa chidutswa cha paipi pansi pa sipuling'i yotopa kuti njinga ikwere. Imakweradi, koma mpata wofinyikira umachepa, ndipo mawaya a sipuling'i amagundana msanga. Ena amadula sipuling'i yaitali ya njinga ina, osadziwa kuti sipuling'i ikadulidwa imauma kuposa kale ndipo sikhazikika bwino pa mpando wake. Enanso amawotcherera mashoko owonjezera kuti akhale anayi. Njinga imasenzadi matumba ambiri, koma mabuleki, matayala, masipoko ndi felemu zimakhala zomwe zija, ndipo chimodzi mwa izo chimalipira.

Mnyamatayo anakhala chete, akuwerenga ndalama za m'thumba la jekete. Kenaka anatiuza chimene chinkamuvuta. M'mudzi mwawo njinga yamoto ndi yomweyi. Usiku munthu akadwala, foni imalira ndi yake. Mlamu wake ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu, ndipo anawalonjeza achimwene ake kuti sabata yotsatira adzamutengera kuchidikiro.

"Ndiye mukufuna adzakwere pa chowotcherera?" anafunsa bambowo, mosakweza mawu.

Anagwirizana zosintha zonse ziwiri, theka la ndalama tsiku lomwelo, theka pa tsiku la msika. Ife tinalipiriratu ulendo wonse kuti theka loyambalo likwane.

Mmene ntchito inayendera

Kumidzi kuno sipuling'i yatsopano yogulitsidwa payokha sipezeka wamba. Masitolo amagulitsa shoko yathunthu. Koma amakaniko athuwa anali ndi thumba la mashoko akale amene oyilo wake anatha pamene masipuling'i akadali abwino. Anakhuthula thumbalo n'kusankha awiri omangidwa pamodzi ndi waya, ochokera pa njinga imodzi ya mtundu womwewo.

Anaimika njinga pa sitandi yapakati, pamalo olimba, n'kuika chipika pansi pa tayala lakumbuyo kuti lisagwe shoko ikachoka. Anamasula mbali imodzi yokha, inayo n'kuisiya kuti igwirizize. Anayamba ndi bawuti yapansi, kenaka nati yapamwamba, ndipo mawasha onse anawaika m'chitini motsatana mmene anachokera.

Shoko ija anaimanga pa vayisi, atakulunga kansanza, ndipo anamanga pa diso lake lapansi. Chibotolo cha oyilo sachimanga pa vayisi, chifukwa chikangophwanyika pang'ono pisitoni siyendanso bwino. Kumunsi kwa sipuling'i kuli mphete yokhala ndi masitepe, kawirikawiri asanu. Anaizungulitsa ndi sipanala yokhota ngati chikwakwa mpaka pa sitepe yofewa kwambiri, kuti mphamvu yosungidwa ichepe.

Kenaka anatulutsa chipangizo chofinyira chimene anapanga yekha: mabawuti awiri aatali okhala ndi ngowe zachitsulo chochindikala. Anakoleka imodzi mbali iyi, ina mbali inayo, moyang'anizana. Ana amene anasonkhana kudzaonerera anawathamangitsira kuseri kwa chigayo, ndipo ifenso anatisuntha kuti tisakhale kumene mutu wa shoko unaloza. Anavala magalasi. Anamanga nati yakumanja kawiri, yakumanzere kawiri, kubwerezabwereza, kuti sipuling'i itsike mowongoka. Ikapindikira mbali imodzi, ngowe imaterereka, ndipo chitsulo chimauluka ndi mphamvu yotha kuthyola chala kapena kuphulitsa diso. Anatisonyeza chipsera pa chikhatho chake chakumanzere, cha masiku amene ankafinya ndi waya ndi masukuludalaivala.

Sipuling'i itatsika masentimita awiri kapena atatu, nati yobisika pansi pa diso lapamwamba inaonekera. Anaigwira ndi sipanala yopyapyala, n'kuzungulitsa disolo mpaka linachoka. Mashoko ena alibe nati yotere, ali ndi timphete tiwiri ta theka timene timangochotsedwa sipuling'i ikafinyika. Pomasula chofinyira anachitanso mosinthanasinthana, osafulumira, mpaka sipuling'i inafutukuka yonse. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chibotolo chitatsala chokha, anachiyesa ndi manja. Anakankhira kachitsulo konyezimira m'kati, kenaka anakakoka. Kanalowa mosavuta kwenikweni, koma potuluka kanalimba, ndipo kanayenda mosalala kuyambira pansi mpaka pamwamba. Umo ndi mmene shoko yamoyo imachitira. Ikamayenda mopepuka ngati pampu ya njinga yakapalasa, kapena ikamadumpha malo ena n'kumalira thovu, ndiye kuti oyilo anatha, ndipo sipuling'i yatsopano siingathandize. Anayang'ananso ngati kachitsuloko kapindika kapena kadyeka ndi dzimbiri, popeza kachitsulo kokhakhala kamang'amba labala wotsekera oyilo. Kalabala koletsa kugunda, kamene kamakhala pa kachitsuloko, kanali kataphwanyika, ndipo anaikapo kena.

Chenjezo lina anatipatsa osafunsidwa. Njinga zina, monga zimene amayendera alangizi a zaumoyo ndi a zaulimi, zili ndi shoko imodzi yokha pakati. Sipuling'i yake ndi yolimba kwambiri, yosafinyika ndi zipangizo za pa shedi, ndipo mashoko ambiri amtunduwu ali ndi mpweya wa nayitirojeni wopanikizidwa m'kati. Shoko yotere saiboola, saiwotcherera, ndipo saiponya pamoto.

Asanaike sipuling'i ina, anaiimika pa thabwa pambali pa yakale. Anayerekeza utali, kukula kwa bowo, kuchindikala kwa waya ndi chiwerengero cha mapindo. Masipuling'i amenewa ali ndi mapindo oyandikana mbali imodzi ndi otalikirana mbali ina. Oyandikanawo amafewetsa timabampu ting'onoting'ono, ndipo akatsekeka, otalikiranawo amalandira katundu wolemera. Anaiika moloza mmene inalozera yakale, anaifinya, anabwezera diso, anamanga nati yake zolimba, n'kumasula chofinyira akuyang'ana kuti nsonga zonse zakhala bwino m'mipando yake.

Atabwezera shoko yoyamba pa njinga, anachotsa yachiwiri. Sipuling'i yake, ija inkaoneka yabwino, ataiimika pa thabwa inali yofupika pafupifupi chala chimodzi poyerekeza ndi inzake yolowa m'malo. Mnyamata uja anaiyang'ana, naseka mwamanyazi.

Chomaliza chinali kuyeza. Njinga ili pa sitandi, tayala lili m'malere, anayeza ndi kamtengo kuchokera pa nati ya tayala kufika pa chizindikiro chimene anachilemba pa kaliyala. Anaitsitsa pa sitandi, nauza mnyamatayo kuti akhalepo, n'kuyezanso. Njinga iyenera kutsika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu kapena anayi a mpata wonse umene shoko imayenda, ndipo pa njinga zazing'onozi ndi ngati zala ziwiri. Anakweza mphete ija sitepe imodzi mbali zonse ziwiri. Mpheteyo siumitsa sipuling'i, imangokweza njinga kuti mpata wofinyikira utsale wokwanira, ndipo mbali ziwirizo ziyenera kukhala pa sitepe yofanana nthawi zonse. Mabawuti anawamaliza kumanga mnyamatayo ali chikhalire pa mpando, kuti mabushi alabala asapotoke. Anaona kulimba kwa tcheni ndi buleki yakumbuyo, popeza zonsezi zimasintha njinga ikakwera. Ntchito yonse inatenga maola awiri.

Zimene thupi limalandira

Tikudikira, mayi wina wogulitsa pafupi anatibweretsera mbatatesi yophika ndi kamchere. Anati amuna awo anayendetsa kabaza zaka zinayi, ndipo tsopano sangathe kuwerama kuti apalire. Nkhani yotere siyachilendo. Msana wa munthu uli ndi timafupa tosanjikizana, ndipo pakati pa timafupato pali timapilo tofewa timene timalandira kugunda. Shoko ikalephera ntchito yake, timapilo ta m'chiuno n'timene timaigwira. Akatswiri a zaumoyo wa pantchito amadziwa kuti kugwedezeka kwa thupi lonse kwa maola ambiri tsiku ndi tsiku kumayenderana ndi kupweteka kwa msana, makamaka munthu akamanyamulanso zolemera, monga amachitira wakabaza pokweza ndi kutsitsa matumba.

Ngozi ina ndi yapafupi kuposa imeneyo. Tayala limagwira msewu pokhapokha likakhala pansi. Shoko yakufa imalisiya kuti lizidumpha, ndipo tayala lili m'malere buleki sigwira. Kumbuyo kukatsika kwambiri, kutsogolo kumapepuka, chiwongolero chimayamba kuyendayenda, ndipo nyali imaloza kumitengo m'malo mounika msewu. Pa zitsikira za kwa Dambe, usiku, ndi wodwala kumbuyo, zinthu zitatuzi zikakumana palibe wobweza.

Banja limene lili ndi njinga yamoto likhoza kudziwa zambiri popanda sipanala. Dinikizani kumbuyo kwa njinga mwamphamvu n'kusiya. Iyenera kukwera kamodzi n'kukhazikika. Ikadumpha kawiri kapena katatu, oyilo watha. Yang'anani ngati pa shoko pali chinyezi cha oyilo chomata fumbi. Imani kumbuyo muone ngati njinga yapendekeka. Suzumirani pansi pa madigadi ngati tayala lakhala likukhula. Mukatsuka njinga, chotsani matope a m'mapindo a sipuling'i, chifukwa m'menemo ndi mmene dzimbiri limayambira. Ntchito yofinya sipuling'i isiyireni amene ali ndi chipangizo chake.

Woyendetsa nayenso azisamala thupi lake. Aziima pakapita ola limodzi kapena awiri, atsike, ayendeyende ndi kudziwongola. Pokweza thumba azipinda mawondo, thumbalo lili pafupi ndi thupi, ndipo lolemera kwambiri azinyamula ndi mnzake. Ululu wa msana ukayamba kutsikira m'mwendo, phazi likamachita dzanzi kapena kufooka, apite kuchipatala. Akayamba kuvutika kukodza kapena kulephera kudzigwira, apite tsiku lomwelo. Ndipo mayi woyembekezera wa kudera ngati lino asadikire kuti matenda ayambe. Kupita kuchidikiro masiku akadalipo, masana, pa njinga yoyenda pang'onopang'ono, n'kosiyana kwambiri ndi kuthamangitsidwa usiku pa msewu wamiyala.

Kutsikira ku Neno

Tinanyamuka dzuwa litapendeka. Msewu unali womwe uja, koma kugunda kuja kunatha. Zigwembe tinkazimva ngati kukankha kofewa, ndipo mnyamata uja anayamba kuimba. Kupitirira Tsangano tinalowa m'boma la Neno, limene linapatulidwa ku Mwanza mu 2003. Kuno mapiri ndi osongoka, zigwa n'zakuya, ndipo msewu umakhotakhota m'mphepete mwa maphompho. Kum'mawa, kutali pansi, chigwa cha Shire chinkaoneka chotuwa ndi utsi wa m'chilimwe. Neno ndi boma la maiko awiri: kumtunda kozizira kwa mbatatesi ndi tirigu, ndi kumunsi kotentha kwa Lisungwi ndi Zalewa, kwa malambe ndi mbuzi.

Pa chitsikira china chachitali tinapeza njinga itagona m'mbali mwa msewu, matumba a mbatatesi atang'ambika, anthu akuthandiza kutola. Woyendetsa anali atakhala pa mwala, atagwira bondo, koma ankalankhula. Anyamata athu anaima, monga amachitira onse pa msewuwu. Wamkulu uja anathandiza kuimika njingayo. Wamng'ono anagwada n'kuyendetsa chala pa shoko, monga anaonera masana aja, ndipo chalacho chinabwera chonyowa ndi oyilo wakuda. Anamuuza mnzakeyo za shedi ya pafupi ndi chigayo, namulangiza kuti matumbawo awatumize pa lole.

Mpweya unayamba kufunda pamene tinkatsika. Mitengo ya manachesi inayamba kuoneka m'makomo, nthambi zitalemedwa mpaka kuzichirikiza ndi mphanda, ndipo ana ankagulitsa milumilu m'mbali mwa msewu. Tinafika pa boma la Neno magetsi atayamba kuyaka m'masitolo. Pa chipata cha chipatala panali njinga zamoto zoposa khumi zitaima mondondozana, zina zikutsitsa odwala, zina zikudikira obwerera kumudzi. Mayi wina wachikulire ankatsika pa imodzi mwa izo, mdzukulu wake atamugwira m'khwapa, ndipo anaima kanthawi atagwira m'chiuno asanayambe kuyenda.

Anyamata athu anakana kugona. Anati mwezi ulipo, ndipo m'mawa kuli msika. Anagula manachesi a kunyumba, anathira petulo wa mabotolo awiri aliyense, n'kumanga majekete mpaka m'khosi. Wamng'ono uja anatsitsa mphete za mashoko onse awiri sitepe imodzi, popeza tsopano ankabwerera wopanda katundu, ndipo anayamba kukwera phiri kulowera kwa Dambe.